Inveta ikulira usiku: tifunse bwanji amisiri kuti atithandize?

Woyang'anira gulu, Lilongwe

Moni nonse, amayi ndi abambo. Dzulo madzulo panabuka kusamvana pakati pa aphunzitsi athu a ku Dedza ndi amisiri a ku Mzuzu, ndipo anthu angapo andilembera pambali kundipempha kuti ndifufute zonse zimene zinalembedwa. Sindifufuta, chifukwa ndikuona kuti nkhaniyi si ya anthu awiri okhawa ayi. Kwa amene simunaone, aphunzitsi anafunsa kuti inveta yawo ya sola (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ikumalira usiku, ndiye agule ya mphamvu zochuluka bwanji, ndipo amisiri anayankha kuti funso lotere angaliyankhe ndi mlosi yekha. Ena anaikira kumbuyo aphunzitsi, ena anaikira kumbuyo amisiri, ndipo pofika nthawi yogona inveta ija inali ikulirabe popanda aliyense wonena chimene chikuiliritsa. Ndikupempha kuti tikambirane modekha za mmene tiyenera kufunsira thandizo kwa anthu odziwa za magetsi ndi makina, komanso mmene iwo ayenera kutiyankhira ife amene sitidziwa.

Mmisiri wa sola, Mzuzu

Zikomo amayi. Ndivomere kaye kuti mawu a mlosi aja anali olasa, ndipo ndinawalemba nditatopa, nditangotsika padenga la munthu. Komabe ndiloleni ndifotokoze chimene chinandivuta. Inveta ikalira, zifukwa zake zimakhala zingapo zosiyana kwambiri. Mwina batire latsika mphamvu, chifukwa mainveta ambiri a 12V amayamba kuchenjeza batire likatsika kufika cha m'ma 11V kapena 10.5V. Mwina mwalumikiza katundu woposa mphamvu zake, monga simbi kapena ketulo. Mwina yatentha chifukwa mwaiika m'kabati mopanda mpweya, kapena waya wa pamutu wa batire wakhwepa ndipo wachita dzimbiri. Pa zifukwa zinayizi, kugula inveta yaikulu kumathetsa chimodzi chokha, ndipo ngati vuto lili pa batire ndiye kuti mwaonjezera moto, pakuti inveta yaikulu imadya magetsi ochuluka ngakhale isakuyendetsa kanthu. Ndikanakhala munthu wofuna kusangalatsa anthu, ndikanangoti gulani ya 2000W, aphunzitsi akanathokoza, akanataya ndalama zawo, ndipo usiku womwewo inveta yatsopanoyo ikanalira ngati yakale. Funso lija linali ndi yankho kale m'kati mwake, ndipo yankholo ndi limene ndinkalikayikira.

Mphunzitsi, Dedza

Abambo a ku Mzuzu, kupepesa kwanu ndakumva ndipo sindikusunga chakukhosi. Koma inenso ndiloleni ndinene mbali yanga. Ndakhala ndikuphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo mwana akafunsa funso lopindika sindimuseka, ndimamufunsa funso lina lomuthandiza kuona pamene wasochera. Zimene mwalemba lerozi, mukanazilemba dzulo, ndikanadziwa choti ndikayang'ane. Ine sindidziwa kuti mmisiri amafuna kumva chiyani, ndipo ndikanadziwa sindikanafunsa n'komwe. Amene anandigulitsa zipangizozi anabwera, anakhoma, analandira ndalama n'kupita, osandisiyira ngakhale kapepala kofotokoza, ndipo foni yake masiku ano sayankha. Akuluakulu amati safunsa adadya phula, koma ngati wofunsayo alandiridwa ndi chipongwe, mawa adzasankha kudya phulalo mwakachetechete. Ndikudziwa amayi angapo pagulu lino amene amangowerenga osalemba chilichonse chifukwa choopa zomwezi.

Wolemba mapulogalamu a kompyuta, Johannesburg

Amayi aphunzitsi akunena zoona, ndipo amisiri akunenanso zoona, koma ndikufuna ndikhazikike pa mfundo imodzi imene ndikuiona tsiku ndi tsiku pantchito yanga. Munthu akakumana ndi vuto, mutu wake umathamangira kupeza mankhwala, ndiye akafika kwa katswiri amafunsa za mankhwalawo, matenda enieniwo osawatchula. Wina amandifunsa kuti afufuta bwanji zonse za mu laputopu kuti aikemo Windows yatsopano, ndikamufunsitsa ndimapeza kuti laputopu ikungochedwa chifukwa malo osungira zinthu adzaza ndi mafilimu. Akanachita zimene ankafunazo, akanataya zithunzi za ukwati wake pa vuto lotha m'mphindi khumi. Kuchipatala sitifika n'kunena kuti ndipatseni jakisoni wakutiwakuti, timanena pamene pakupweteka, tsiku limene panayamba, ndi chimene tinadya. Choncho ngakhale munthu asadziwe mawu a ntchitoyo, angathe kunena zimene maso ake aona ndi zimene makutu ake amva: ikulira nthawi yanji, kanyali kofiira kakuyaka kapena ayi, pagalasi palembedwa chiyani. Zolembedwa pagalasizo muzikopere ndendende kapena muzijambule, chifukwa mawu akuti "ikulemba zinazake zachizungu" sathandiza aliyense.

Pa za ukali wa akatswiri, ife a makompyuta tilibe pothawira. Webusayiti yofunsirana mafunso a mapulogalamu a kompyuta yotchedwa Stack Overflow, imene inayamba mu 2008, inatithandiza kwambiri chifukwa inkaumirira kuti funso likhale lomveka ndiponso lisabwerezedwe, koma anthu ambiri ongoyamba kumene ankaona mafunso awo akutsekedwa mosawafotokozera bwino, n'kuchoka osabweranso. Sindikufuna kuti ife tifike pamenepo.

Wokonza mafoni, Limbe

Achimwene a ku Johannesburg mwatchula za chimene tinadya, ndipo pamenepo ndi pamene ine ndimavutikira kwambiri. Anthu amabisa. Munthu amalemba kuti foni yangozima yokha, pamene zoona zake n'zakuti inagwera m'beseni pochapa, anaiika padzuwa, anaitchaja ikadali yonyowa, kenako anapita nayo kwa wokonza wina amene anaitsegula n'kuidula kachingwe ka sikirini. Zonsezi sanena chifukwa akuchita manyazi kapena akuopa kuti tiwadzudzula. Koma foni yolowa madzi ndi foni yofa batire zimafuna njira ziwiri zosiyana, ndipo ndikamulangiza munthu kuti aitchaje usiku wonse pamene m'kati muli madzi, ndiye kuti ndamuthandiza kuipha. Makina sasintha khalidwe popanda chifukwa, ndiye funso lililonse lizinena chimene chinasintha vuto lisanayambe: mwagula chatsopano, mwasuntha chinthu, mwana anaseweretsa, kapena kunagwa mvula yamabingu.

Chinanso chimene chimandidyera nthawi ndi uthenga wongoti "Moni achimwene", kenako zii. Ndimayankha, patapita maola awiri pamabwera "Muli bwanji?", ndiyankhanso, kenako "Ndingafunse nawo?" Dzuwa limalowa funso lisanafike, ndipo ine m'manja muli chowotcherera chotentha ndi mafoni a anthu amene akudikira pakhomo.

Mkulu wopuma pantchito, Zomba

Mwana wanga wa ku Limbe, pa za kubisa ndagwirizana nawe kotheratu, koma pa za moni ndiye sindikuvomereza. Ife tinaleredwa kuti sulowa m'nyumba ya munthu usanaodire, ndipo suyamba kunena chimene wadzera mwininyumba asanakupatse mpando ndi malonje. Munthu amene walemba moni n'kudikira sakufuna kukutayitsa nthawi, akukulemekeza, akufuna aone ngati uli ndi mpata. Ine pamsinkhu wangawu sindingathe kulembera munthu amene sindinamuonepo n'kungoyamba ndi mavuto anga ngati ndikulamula wantchito. Ndikuopa kuti tikatengera zachangu zimenezi tidzakhala anthu odziwa mavolti koma osadziwa ulemu, ndipo ana athu adzaphunzira kwa ife kuti mmisiri ndi makina oyankha mafunso.

Mmisiri wa sola, Mzuzu

Bambo athu a ku Zomba, moni sitikuukana ayi, ndipo ine munthu akandilembera wopanda moni ndimamuyankha mozizira. Koma kumbukirani mmene munkalembera makalata kale. Simunkatumiza envulopu ya moni yokha n'kudikira milungu iwiri kuti yankho libwere musanalembe nkhani imene mukufuna. Munkayamba ndi moni, kufunsa za moyo, kenako "cholinga cha kalatayi", zonse m'pepala limodzi. Uthenga wa pafoni uli ngati kalata, chifukwa amene mukumulemberayo mwina ali padenga, mwina ali pa minibasi, mwina bandulo yamuthera ndipo adzawerenga mawa. Akatsegula apeze moni wanu ndi nkhani yanu pamodzi, kuti mphindi zisanu zimene ali nazo azigwiritse ntchito poganizira vuto lanu.

Popeza aphunzitsi anena kuti sadziwa chimene timafuna kumva, ndinene za sola. Chipangizo chilichonse chili ndi chikwangwani chake. Kuseli kwa panelo kuli pepala lonena mawati ake ndi manambala ena, pabatire palembedwa 12V ndi nambala yothera ndi Ah, pa kontrola (kabokosi koyang'anira kutchaja, kokhala pakati pa panelo ndi batire) pali nambala yothera ndi A, ndipo pa inveta pali mawati. Simukuyenera kumvetsa manambalawo, ingojambulani zithunzi zooneka bwino masana, mutapukuta fumbi. Kenako tchulani chilichonse chimene mumalumikiza, ngakhale chimene mukuchiona ngati chaching'ono, ndi maola amene chimayaka. Nenani kuti zipangizo zakhala nthawi yaitali bwanji, vuto linayamba liti, ndi zimene mwayesa kale. Ngati pali mnansi amene ali ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, kapena ngati kontrola yanu ili ndi kagalasi koonetsa mavolti, lembani nambala ya batire dzuwa litangolowa ndi nambala ya nthawi imene inveta yayamba kulira. Manambala awiri amenewo amandiuza zambiri kuposa mauthenga makumi awiri. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ntchito yojambula ndi kuyeza ndi ya mwini vuto, ine kuno sindingaone denga la ku Dedza.

Mlimi wa mthirira, Salima

Zimene mukunenazi n'zomveka kwa inu amene munapita patali ndi sukulu, koma mutiganizireko ife ena. Ine kulemba uthenga wautali ngati umenewu kumanditengera nthawi yaitali, ndipo uno andithandiza kulemba ndi mwana wanga. N'chifukwa chake timakonda kutumiza mawu ojambula, koma ndaona amisiri ena akunena kuti mawu samvetsera. Pampu yathu ya sola itasiya kukoka madzi chaka chatha ndinatumiza mawu kawiri konse, palibe anayankha, ndipo tomato anafota tikudikira. Kodi thandizo ndi la odziwa kulemba okha?

Ndivomerenso kulakwa kwanga kumodzi. Ulendo wina ndinafunsira mlamu wanga wa kutali za pampu yake, ine ndisanaione. Amisiri akandifunsa funso ndinkamuimbira, iye n'kundiuza, ine n'kulemba zimene ndakumbukira, ndipo pamapeto pake zinapezeka kuti ndanena mapanelo awiri pamene iye ali ndi atatu. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo tsiku limenelo kandimverereyo ndinali ine.

Wokonza mafoni, Limbe

Abambo a ku Salima, mawu ojambula sindiwadana nawo, koma mumve vuto lake. Kumene ndimagwirira ntchito kuli phokoso la magalimoto ndi nyimbo za ogulitsa, ndiye uthenga wa mphindi zisanu ndiyenera kudikira mpaka usiku kuti ndiumve, ndipo nambala imene mwatchula pakati pake ndikaiiwala ndiyenera kuyambiranso. Komanso munthu wina amene adzakhale ndi vuto lomwelo mwezi wamawa sangaufufuze, pamene zolembedwa amangolemba mawu akuti pampu n'kuzipeza. Njira yabwino ndi yakuti mulembe mzere umodzi wokha wonena chimene chavuta, muike zithunzi za zikwangwani, kenako mawu anu afupiafupi atsatire. Pali nthawi ina imene kujambula mawu kumaposa kulemba, ndiyo pamene makinawo akuchita phokoso: kulira kwa inveta kodukizadukiza ndi kulira kosalekeza sizitanthauza chinthu chimodzi, ndipo pampu imene yayamwa mpweya imamveka mosiyana ndi imene yatsekeka ndi mchenga.

Koma pa zithunzi chenjerani. Ndaona anthu akujambula risiti yonse pamodzi ndi dzina, nambala ya foni ndi malo okhala, ena mpaka chitupa cha unzika chili pambali patebulo. Nambala ya IMEI, ija ya manambala 15 imene imatuluka mukaimba *#06#, musaiike pagulu. Ndipo mmisiri weniweni sadzakufunsani PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba, ngakhale kanambala kobwera pa uthenga kotsimikizira kuti ndinu. Munthu akangofunsa funso pagulu, pamakhala ena amene amamuthamangira ku inbox n'kudzitcha akatswiri, n'kumuuza kuti atumize kaye ndalama ya thiransipoti. N'chifukwa chake ine ndimakana kuyankhira kumbali. Pagulu ndikalakwitsa anzanga andikonza, koma ku inbox muli nokha ndi munthu amene simukumudziwa. Ndinenenso poyera kuti amene amafunsa mmene angatsegulire foni yokhoma imene akuti ndi ya m'bale wawo asadabwe tikakhala chete, chifukwa mafoni obedwa amabwera ndi nkhani yomweyo.

Mmisiri wa magetsi, Chipata

Moni abale a ku Malawi. Ine ndikufuna ndionjeze za mafunso amene sitiyankha dala, kuti wofunsa asamaganize kuti ndi kunyada kapena kuumira nzeru. Kuno ku Zambia, madzi atachepa ku damu la Kariba mu 2024 ndipo kampani yathu ya magetsi ya ZESCO itayamba kuthimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, aliyense anathamangira kugula inveta, monga mmene zinachitikira kwanuko mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Funso limene linkabwera kawirikawiri linali lakuti ndilumikize bwanji inveta ku mawaya a nyumba yonse. Limeneli sindiliyankha pafoni, ngakhale munthu alembe bwino chotani. Magetsi a m'nyumba ndi 230V, amapha, ndipo inveta yolumikizidwa popanda switchi yosinthira imene imalekanitsa nyumba ndi mawaya a kampani ingathe kubweza magetsi kumtengo n'kuvulaza wantchito amene akukonza akudziwa kuti magetsi azimitsidwa, kapena kupsa yokha magetsi akabwerera. Mnyamata wina anandinyoza kuti ndikufuna ndalama zake, koma ine kuli bwino andinyoze kusiyana n'kuti ndikamve za maliro amene ndinawathandizira ndi chithunzi. Mmisiri akanena kuti apa pakufunika munthu woti afike aone, limenelo ndi yankho lathunthu ndipo liyenera kulandiridwa choncho. Kwanuko muli ndi MERA imene imapereka ziphaso kwa oika magetsi, ndiye si mwano kufunsa munthu chiphaso chake asanagwire bokosi la magetsi la nyumba yanu.

Mphunzitsi, Dedza

Moni nonse, ndabweranso ndipo ulendo uno moni ndi nkhani zili mu envulopu imodzi. Zithunzi ndaika pamwambapa. Panelo ndi limodzi la 150W, batire ndi la 12V 100Ah lokhala ndi tizivindikiro pamwamba, kontrola yalembedwa PWM 10A, ndipo inveta ndi ya 1000W. Zonsezi zinaikidwa mu Novembala chaka chatha ndipo zinkayenda bwino mpaka kumayambiriro kwa Juni. Ndimayatsa mababu anayi a 5W kwa maola asanu, wailesi ya kanema ya 50W kwa maola atatu, komanso ndimatchaja laputopu ndi mafoni awiri. Ndiulule chimene sindinanene poyamba, osati pobisa koma posadziwa kuti n'chofunika: mu Meyi ndinagula kafiriji kakang'ono kolembedwa 90W koti ndiziumitsira zakumwa zogulitsa kwa ana, ndipo kamakhala kolumikiza usana ndi usiku. Dzulo 6 koloko madzulo, nditazimitsa zonse kwa kanthawi, kagalasi ka kontrola kanaonetsa 12.0V. Inveta inayamba kulira cha m'ma 9 koloko usiku firiji itangoyamba kunjenjemera, ndipo nthawi imeneyo panali 11.1V. Mwana wa achimwene anga anakwera padenga kukajambula, ndipo akuti panelo lili mbali ya denga yoyang'ana kummwera, ndiponso lili ndi fumbi ndi zitosi za mbalame.

Mmisiri wa sola, Mzuzu

Amayi aphunzitsi, funso ili ndi limene ndikanakonda kulandira tsiku lililonse, ndipo inveta yanu ilibe mlandu uliwonse, ikungonena zoona. Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma batire la mtundu wanuwu, la asidi, siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye chimene muli nacho chenicheni ndi 600Wh. Mababu anu amadya 100Wh, kanema 150Wh, laputopu ndi mafoni tiyerekeze 100Wh, ndipo tikaonjeza zimene inveta imadya yokha tikufika cha m'ma 400Wh pa tsiku. Panelo la 150W likapeza maola asanu a dzuwa lamphamvu lingapereke 750Wh papepala, koma zikadutsa m'mawaya ndi mu kontrola ya PWM zimene zimalowa m'batire ndi pafupifupi 500Wh. N'chifukwa chake poyamba zonse zinkakwanirana. Tsono firiji ya 90W, ngakhale injini yake itangoyenda maola asanu ndi atatu pa tsiku, ikudya 720Wh payokha. Mukutulutsa zoposa 1,000Wh pamene mukulowetsa theka lake, ngati munthu amene akutapa m'nkhokwe kawiri kuposa zimene amakolola.

Nkhani ya denga ndi imene ikufotokoza chifukwa chake vuto linaonekera mu Juni. Dedza ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa ikweta, ndiye kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa pamutu kapena chakummwera pang'ono, ndipo panelo lanu linkalandira bwino. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye panelo loyang'ana kummwera limalandira kuwala mopendekera, kuphatikizapo mitambo ya nyengo yozizira ndi fumbi lija. Kuno kwathu panelo liyenera kuyang'ana kumpoto. Batire lodzaza bwino, likapuma, limaonetsa pakati pa 12.6V ndi 12.8V, ndiye 12.0V ya madzulo ikutanthauza kuti mukuyamba usiku ndi batire la theka, ndipo lakhala lisakudzaza kwa milungu ingapo, zimene zimaliwononga pang'onopang'ono. Chotsani firiji lero lomwe, tsukani panelo m'mawa lisanatenthe, pezani munthu wodziwa alisamutsire mbali ya kumpoto, ndipo mulisiye batire lidzaze masiku atatu mukuyatsa mababu okha. Kenako mudzatiuze manambala a madzulo ndi a m'mawa.

Wolemba mapulogalamu a kompyuta, Johannesburg

Mawu omaliza a amisiriwa akuti mudzatiuze ndi amene ndimafuna tiwagwiritsitse. Chimene chimafooketsa othandiza kwambiri si funso lopindika ayi, koma munthu amene walandira malangizo n'kusowa ngati wamira. Sitidziwa ngati zinatheka, ngati zinaipiraipira, kapena ngati anapita kwina. Ena amachita kufufuta funso lawo likangoyankhidwa, mwina pochita manyazi, ndiye ntchito yonse ya woyankha imapita nalo limodzi, ndipo wotsatira amene ali ndi vuto lomwelo amayambiranso pachiyambi. Ine ndakhalapo usiku wonse ndikufufuza vuto, n'kupeza munthu amene anafunsa zomwezo zaka zapitazo, pansi pake atangolemba kuti zatheka, osanena kuti zatheka bwanji. Ndinatsala pang'ono kulira. Ndiponso mmisiri naye amaphunzira pa zimene mwabweza, chifukwa ngati malangizo ake sanagwire ntchito ayenera kudziwa asanawapatse munthu wina.

Mkulu wopuma pantchito, Zomba

Za envulopu zija zandigonjetsa, ndipo ndayamba kale kutero. Koma ndifunse chinthu chimodzi chimene chimandisautsa mumtima. Amisiri a ku Mzuzu apereka nzeru imene yapulumutsa ndalama zambiri za aphunzitsi, nzeru imene anaipeza ndi thukuta la zaka. Kodi zikomo wapakamwa akukwanira? Kumudzi munthu akakuthandiza kufolera nyumba sumusiya apite ndi njala.

Mmisiri wa sola, Mzuzu

Bambo, pa zimene ndayankha pagulu sindilandira kanthu, chifukwa yankho limodzi limathandiza anthu ambiri ndipo ine ndimasankha ndekha nthawi yoyankhira. Pamene pamavuta ndi pamene munthu watenga nambala yanga n'kumandiimbira 10 koloko usiku, kapena kunditumizira mndandanda wa katundu wa nyumba yonse kuti ndimuwerengere, ndimujambulire mapulani ndi kumuuza kogula, zonsezo ulere, kenako ntchitoyo n'kukapatsa wina wotchipa. Imeneyo ndi ntchito, ndipo amene akuifuna anene poyera kuti akufuna kundilemba ganyu tigwirizane mtengo. Komanso amene walemba kuti "mwachangu chonde" katatu pa ola limodzi akumbukire kuti changucho ndi chake, ife sitili pa malipiro a gulu.

Mphunzitsi, Dedza

Moni nonse. Papita masiku asanu ndi limodzi. Firiji ndinachotsa tsiku lomwelo, panelo linatsukidwa ndipo mmisiri wa pa boma pano analisamutsira mbali ya kumpoto Loweruka. Dzulo madzulo kagalasi kanaonetsa 12.6V, ndinayatsa mababu ndi kanema monga kale, ndipo lero m'mawa dzuwa lisanatuluke panali 12.3V. Inveta sinalirenso. Zikomo kwambiri abambo a ku Mzuzu ndi nonse amene munalankhulapo. Koma firiji ija ndinaigula ndi ngongole ndipo ikungokhala, ndiye funso langa latsopano ndi ili: kodi ndingangogula panelo lina la 150W n'kulilumikiza pa zipangizo zomwezi?

Mmisiri wa sola, Mzuzu

Manambalawo akusonyeza kuti batire lapulumuka, ngakhale mwina lataya kamphamvu pang'ono. Popeza ndi la tizivindikiro, mutsegule muone ngati madzi akuphimba zitsulo za m'kati, ndipo ngati achepa muonjeze madzi a batire ogula m'botolo, osati a pampopi kapena a pachitsime, ndiponso osati asidi. Muchite zimenezi pamalo opita mphepo, kutali ndi moto, mutazimitsa inveta.

Panelo lachiwiri musagule kaye. Panelo la 150W limatulutsa pafupifupi 8A dzuwa likakhwima, ndiye awiri apereka 16A pamene kontrola yanu imalandira 10A yokha, ndipo ingapse. Kuti firiji iyende mufunika kusintha kontrola, kuonjeza mapanelo okwana pafupifupi 300W pamwamba pa limene lilipo, ndiponso kuonjeza malo osungira magetsi, koma batire latsopano lisaphatikizidwe ndi lakaleli chifukwa lakale limakokera latsopano pansi. Musanawononge ndalama iliyonse, jambulani chikwangwani cha kuseli kwa firiji, pamene palembedwa magetsi amene imadya pa maola 24 kapena pa chaka ngati nambalayo ilipo, ndipo mundiuzenso kutalika kwa waya wochokera padenga kufika pa kontrola ndi kunenepa kwake. Mawa ndili ku Ekwendeni tsiku lonse, ndidzayankha ndikabwerako madzulo.